Mlendo pa Waya wa a Kakowa

Apongozi anga, a Enoch Tolhurst, akakhala pansi sanali munthu woti n'kumucheukira kawiri. Anali aafupi, a miyendo ya matewe, ndipo poyenda ankapendamira uku ndi uku ngati ngolo yakutha gudumu limodzi. Mawu nawo anali owaumira zedi. Ndinakhala nawo nyumba imodzi zaka khumi ndi zinayi, koma zimene anandiuza zaka zonsezo ndikhoza kukubwerezerani tiyi asanazizire. Ine ndine Dorcas, mkazi wa mwana wawo Edwin, ndipo panga pakamwa sipanaphunzire kutseka. Choncho m'nyumba mwathu munali wolankhula mmodzi ndi womvera mmodzi, ngati ankamvera n'komwe.

Koma mukanawaona atakwera miyendo yawo ya mitengo!

Kuno ku Kent timalima hopu, chomera choyanga chimene maluwa ake amapatsa mowa kuwawa kwake kuja. Hopu amakwera zingwe, ndipo zingwezo zimamangidwa ku mawaya oyalidwa pamwamba pa mizati, kutalika kwa anthu atatu atasanjikizana. Munda wa maekala makumi awiri ungausunthire makwerero mpaka liti? Ndiye pamafunika munthu woyenda pa mitengo iwiri italiitali, yomangidwa ndi malamba kuchokera kumapazi mpaka m'chiuno. Amakwerera pa makwerero otsamira mzati, mnzake n'kumumanga bwinobwino, ndipo akangonyamuka ndiye kuti wapita, chifukwa kutsika kwake ndi ntchito inanso ya anthu awiri. A Enoch anayamba ntchitoyi ali ndi zaka khumi ndi zisanu pa famu ya a Honeysett. M'chaka chimene ndikunenachi, cha 1940, anali atakwanitsa zaka makumi asanu ndi limodzi kudza zisanu ndi zitatu, akadali pa famu yomweyo.

Kumwambako matewe aja ankatha. Ankaponya mwendo umodzi mosapupuluma, dzanja likutsetsereka pa waya, mpeni uli pakamwa, osayang'ana pansi ngakhale kamodzi. Tsiku loyamba kuwaona, ndili mtengwa watsopano, ndinangoti kukamwa yasa mpaka chakudya chimene ndinawatengera chinazizirira m'manja. Ndinkachita mantha, komanso sindinkafuna kuti asiye. Amayi a ku London ndi amene anawapatsa dzina loti a Kakowa, ndipo linawamatirira mpaka kumanda.

Amayiwo ankabwera chaka chilichonse mu Sepitembala kudzathyola hopu, masitima odzaza, ana ndi mapoto ndi mabulangete omwe. Ankagona m'zisakasa za malata kumapeto kwa munda, n'kumaphika panja pa mafuwa a njerwa, ndipo phokoso lawo linkamveka mpaka ku tchalitchi. Ife a m'mudzi tinkati ndi akuba nkhuku, iwo ankati ndife mbuli zonunkha ndowe, koma akachoka m'mudzi munkakhala ngati mwagwa maliro. Wamkulu wawo, ngakhale palibe anachita kumusankha, anali Mai Hetty Marney a kumadoko, mayi wojintcha, wa mawu omveka tsidya lina la munda. Amuna awo, a Alf, ankatsitsa katundu m'zombo. Mwana wawo wamkulu, Lil, ankagwira ntchito pa fakitale ya mabisiketi, choncho awiriwo ankatsala ku London.

M'munda mwathu munali mwambo umene Mai Marney anausunga zaka zoposa makumi awiri. Mlendo aliyense wolowa m'munda nthawi yothyola, akhale dokotala, akhale mwini galimoto wosochera, ankamuimitsa pomwepo. Mai Marney ankatapa hopu wodzaza dzanja, n'kugwada, n'kumupukuta nsapato mpaka zinunkhe.

"Abusa, tambasulani phazi! Eee, nsapato izi zaponda machimo a anthu angati sabata ino? Bweretsani linalo, musachite manyazi, ine mapazi a amuna ndawaona ambiri."

Akamaliza ankanena mawu omwewo nthawi zonse: "Waponda dothi lathu, wanunkha hopu wathu, ndiwe wathu mpaka pa geti. Lipira!" Mlendoyo ankapereka kangachepe, kaya masiwiti a ana, kaya fodya, kenako n'kupatsidwa tiyi. Kuchokera pamenepo panalibe wololedwa kumutukwana kapena kumukhudza mpaka atatuluka pa geti. Musaganize kuti anali masewera chabe. Chaka china kunabwera wapolisi yemwe anamanga mlongo wawo wa Mai Marney. Anamupukuta nsapato, anamuthirira tiyi wa shuga awiri, anamuperekeza mwaulemu mpaka pa geti. Atangoponda msewu, anamulavulira mawu amene ine, ndi pakamwa pangapa, sindingawabwereze.

Nkhondo itayamba, Edwin anapita ndi asilikali ku France. Mu Juni maboti anabwera nawo asilikali athu kuchokera ku Dunkirk, koma iye munalibe. Kalata inati sakupezeka. Ndinene pano kuti musadikire: sanapezeke mpaka lero. Ndinawawerengera apongozi kalatayo mokweza, ndikulira, iwo n'kuilandira, kuipinda kanayi, kuiika kuseri kwa wotchi, n'kutuluka kukapaka mafuta malamba a miyendo yawo. Tsiku limenelo ndinawada. Ndinkati mumtima, mdala ameneyu anabereka mwana kapena anachita kutola?

Kenako nkhondo ija inatitsatira kwathu, koma inadzera kumwamba. Ndege za Majeremani zopita ku London njira yake inali pamutu pathu, ndipo anyamata athu ankakumana nazo pomwepo. Munthu sungaiwale. Thambo la chaka chimenecho linali loyera ngati lachita kuchapidwa, ndipo unkayamba wamva kulira kwake usanaone kanthu, kugunda kwapansipansi kofika mpaka m'mano. Kenako zinkatulukira, timadontho tonyezimira tandandalika m'mizere, makumi, mazana, osatha kuwerenga. Pamwamba pake pankatulukira tina tochepa, tathu, n'kugwera pakati pawo. Mizere ija inkamwazikana, thambo lonse n'kudzaza mikwasa yoyera yopotana. Zinali kutali moti phokoso la mfuti linkafika mochedwa, ndege itayamba kale kufuka utsi. Ndinkadziwa kuti m'kadontho kalikonse muli mwana wa munthu akupsa, koma maso ankakana kuchokapo. Ndinkachita manyazi kuti chinthu choipa chotero chikundikongolera.

A Honeysett anakumbitsa ngalande m'mbali mwa munda. Akaimba wezulo, tonse tinkasiya hopu n'kuthamangira m'ngalandemo, zikhokho za zipolopolo zikugwa pa masamba ngati matalala. Tonse, kupatula munthu mmodzi. Nthawi yothyola si nthawi yokwera miyendo ya mitengo, ntchito imeneyo ndi ya m'dzinja ndi poyamba kumanga zingwe. Koma chaka chimenecho zidutswa za zitsulo zogwa kumwamba zinkadula mawaya pafupifupi tsiku lililonse, ndipo waya mmodzi akaduka, mzere wonse wa hopu umagwa. Choncho a Enoch ankakhala ali kumwamba kulumikiza. Wezulo ikalira, ankangogwira mzati n'kuima njo.

"Bambo, tsikani! Mufera chiyani pamenepo?" ndinkakuwa ndili m'ngalande.

"Ndikamatsika zikhala zitatha, mayi," ankayankha choncho basi.

"A Kakowa, mukaona Mjeremani wokongola mumugwire mwendo, ine wanga Alf wakalamba!" Amenewo anali Mai Marney, ndipo ngalande yonse inkafa ndi phwete, ngakhale ana anali atatikwirira nkhope m'madiresi.

Ndikatukula mutu ndinkawaona: kankhalamba kakatali kuposa aliyense mu Kent, kali kokhakokha pakati pa nthaka ndi nkhondo, chipewa chili m'manja, nkhope ili kumwamba.

Loweruka lina masana ndege zinadutsa zochuluka kuposa kale lonse. Zinatenga nthawi yaitali kuti zithe kudutsa, ndipo sizinatembenukire ku mabwalo a ndege monga zinkachitira. Zinalunjika ku London. Dzuwa lisanalowe tinaona utsi wakuda utaima kumpoto ngati phiri limene kunalibe m'mawa. Amayi a kumadoko anaima pa geti, ana ali m'manja. Aliyense ankadziwa kumene utsiwo ukuchokera.

Uthenga unafika Lolemba, ndi bambo wina wapanjinga, nkhope ili bii ndi mwaye. Anapita molunjika pamene Mai Marney ankathyolera. Nyumba zonse za mumsewu wawo zinali zitagwa ndi mabomba. A Alf ndi Lil anali m'nyumba, akumwa tiyi wa masana.

Mai Marney sanalire. Anafunsa ngati matupi apezeka, bamboyo anapukusa mutu, iwo n'kubwerera pa hopu wawo. Akanapita kuti? Nyumba kunalibe, maliro oti akaike kunalibe. Anathyola tsiku lonse osatsegula pakamwa, ndipo munda wopanda mawu a Mai Marney unali woopsa kuposa wezulo. Lachiwiri abusa anabwera kudzapepesa. Analowa pa geti, anaima pang'ono monga mwa chizolowezi, phazi lili patsogolo, koma Mai Marney sanadzuke. Abusawo anabweza phazi lawo mwamanyazi.

Lachitatu, cha m'ma 4 koloko masana, wezulo inalira, tinalowa m'ngalande. Kunamenyedwa nkhondo yoopsa pamwamba penipeni pa munda. Ndege ina yaikulu, ya mitanda yakuda m'mapiko, inatsika ikufuka, n'kukagwera kuseri kwa nkhalango mpaka nthaka inanjenjemera. M'mbuyo mwake munatsala chinthu choyera chikutsika pang'onopang'ono, chikupendama ndi mphepo. Anali palachuti, ndipo pansi pake pankalendewera munthu. Tinamuyang'ana akukula, akukula, mpaka anadzagwera pa mawaya athu, mbali imene tinali titathyola kale. Nsalu inakola pamwamba, iye n'kutsala ali lende pakati pa mizati iwiri, mapazi ali pamwamba poti dzanja silingafike.

Sindikudziwa amene anayamba kutuluka m'ngalande. Ndinangozindikira tonse tikuthamanga, anthu oposa zana. Amuna ochepa amene analipo ananyamula mitengo yawo ya mbedza yokokera hopu. Podutsa pa zisakasa, ndinawerama n'kuzula njerwa pa mafuwa a munthu wina, ikadali yofunda. Sindinaganize kanthu. Dzanja linatola lokha, ndipo mtima unavomereza. A Honeysett anathamangira ku nyumba kukaimba foni, koma asilikali anali mtunda wa mamailosi anayi, ndipo tonse tinkadziwa kuti akamafika adzapeza zitatha.

Anali Mjeremani, panalibe chokayikitsa, chizindikiro chawo cha chiwombankhanga chinali pachifuwa. Anali wa zaka mwina makumi awiri. Manja ake anali atapsa, magazi ankachucha pa ntchafu, ndipo chingwe chimodzi cha palachuti chinali chitamudutsa pakhosi, moti nkhope inayamba kuda. Akakhala kumwambako, chingwe chimumaliza. Akatsika, timumaliza ndife.

"Mukokeni! Kolani mwendowo!"

"Ameneyu ndi amene anali ku madoko Loweruka!"

"Lero waona polekera, galu iwe!"

A Cobb, bambo wa ku London amene mchemwali wawo anafera mumsewu womwe uja, anatukula mbedza yawo. Njerwa yoyamba inadutsa pafupi ndi mutu wa mnyamatayo. Ine ndinali nditakweza kale yanga, ndikufunafuna poti ndione bwino nkhope.

Pamenepo tinamva kugunda kumbuyo kwathu, gu, gu, gu, mosathamanga. Anthu anapatuka okha, chifukwa mtengo wa mamita anayi ukamabwera suufunsa kuti uponda pati. A Enoch anadutsa pakati pathu, mutu uli kumwamba kwa mawaya, mkombero wa chingwe cha khonje uli paphewa. Zaka zonse zija ndinkawaona akuyenda m'mizere yopanda anthu. Tsiku limenelo ndinawaonera pansi penipeni. Sanatiyang'ane. Anafika pa mnyamata uja n'kuima kutsogolo kwake, msana wawo uli kwa ife.

"Mdala, chokani apo! Njerwa ilibe maso!" anakuwa a Cobb.

"Ikandipeza ine, waya wa mawa mukwera ndinu," anatero a Enoch, osatembenuka.

Anamukulunga chingwe m'khwapa, anachiponya pa waya wamkulu, anachizunguliza kawiri pa mutu wa mzati, n'kukulunga nsonga yake kudzanja. Kenako anasolola mpeni m'chiuno n'kuyamba kudula zingwe za palachuti, kuyambira cha pakhosi chija. Mnyamatayo anakoka mpweya momveka, ngati mwana wongobadwa. Chingwe chomaliza chitaduka, kulemera konse kwa munthuyo kunagwera pa khonje, mzati unalira, a Enoch anapendama mpaka amayi ena anakuwa. Koma anabweza mwendo umodzi m'mbuyo, n'kukhazikika.

Anayamba kumutsitsa pang'onopang'ono. Ife tinasendera pafupi, mbedza zili m'mwamba. Mapazi atafika polingana ndi nkhope zathu, chingwe chinaima.

"Mutsitseni, a Kakowa! Mwaimiranji?"

"Tipatseni, ndi wathu ameneyo!"

A Enoch anayang'ana pansi, koyamba m'moyo wanga kuwaona akutero ali pa mitengo. Maso awo anayenda pa mitu yathu mpaka anapeza amene ankamufuna.

"Mai Marney," anatero. Mawu awo sanali okweza, koma ochokera kumwamba amamveka. "Mlendo walowa m'munda."

Mai Marney anali kumbuyo, mpeni wodulira hopu uli m'manja. Anthu anawapatsa njira, ndipo ine ndinaganiza kuti akuwapatsa kuti ayambe ndiwo, popeza mwini maliro ndi amene amayamba. Anafika kutsogolo n'kukweza maso.

"Mwati chiyani, a Kakowa?"

"Ndati mlendo walowa m'munda. Nsapato izo."

"Mukundiseka? Ine mukundiseka, mdala inu? Mwana wanga ali pansi pa njerwa, alibe ndi bokosi lomwe, inu mukuti ndigwadire chinthu ichi?"

"Kugwada ayi. Ndakukwezerani."

"Ameneyu si mlendo! Mlendo amalowera pa geti!"

"Mwambo ndi wanu, mayi, si wanga. Mukati watha, nenani pamaso pa anthuwa kuti watha, ndimasula. Mukati ulipo, nsapato izo. Koma fulumirani, manja anga si a mnyamata."

Apo ndi pamene ndinaona kuti khonje lija lafiira pamene linkatuluka m'dzanja lawo. Magazi ankatsika ndi mkono mpaka pa chigongono n'kumadontha pa dothi. Miyendo ya mitengo inkanjenjemera kuyambira kumwamba mpaka pansi. Akanatha kumangirira chingwecho ku mzati n'kudikira asilikali, koma mbedza zikanamufika mnyamatayo, ndipo bala la pa ntchafu silikanadikira. Anasankha kugwira ndi manja, kuti aliyense aone kuti nthawi ikutha.

Mai Marney anaima pamenepo, mapazi a Mjeremani akuzungulira pang'onopang'ono patsogolo pa mphuno yawo. Jombo inali imodzi yokha. Inayo inavuka m'mwamba palachuti atatseguka, ndipo phazi lamanzere linali ndi sokosi yokha, yotuwa, yosokedwa pa chidendene ndi ulusi wobiriwira. Kasokedwe kake kanali konyansa, mfundo pamwamba pa mfundo. Anaiyang'ana nthawi yaitali. Mpeni unali ukadali m'manja, ndipo ine ndinkayembekeza, ndinene zoona, ndinkafuna.

"Wasoka yekha uyu," anatero, osauza munthu aliyense. "Palibe mayi angasoke zopusa chonchi."

Anaponya mpeni pansi. Anatembenuka, anathyola hopu pa nthambi imene inatsalira pa mzati, wodzaza manja onse awiri, n'kugwira jombo ija. Kumeneko sikunali kupukuta. Ankaikhula ngati akufuna kuibowola, mano ali gwa, hopu akuphwanyika, madzi ake achikasu akutsika m'mikono. Ndipo kulira kumene anakusunga kuyambira Lolemba kunatuluka pamenepo, kulira kwa pakhosi, koopsa, koma manja sanaime. Atamaliza jombo anagwira phazi la sokosi lija, ndipo limenelo analipukuta pang'onopang'ono. Fungo la hopu linadzaza ponsepo. Mnyamatayo ankayang'ana pansi, maso ali tong'o, osamvetsa ngati akumukonzekera kumupha kapena chiyani.

"Waponda dothi lathu," anayamba Mai Marney, mawu akuduka. Anakweza maso. "Mutsitseni aponde, inu a Kakowa, ndinamize anthu?"

Chingwe chinatsika, mapazi anakhudza pansi, mnyamatayo anagwa chokhala.

"Waponda dothi lathu, wanunkha hopu wathu, ndiwe wathu mpaka pa geti. Lipira!"

Iye sanamve kanthu. Mai Marney anamupapasa m'matumba mwaukali, napeza kachitini kozungulira ka chokoleti m'thumba la pa bondo, n'kukaponyera ana.

"Walipira. A Cobb, mbedzayo mukufuna kukola nayo chiyani, mitambo? Ikani pansi. Wina abweretse tiyi. Iwe Dorcas, waima ngati chitsa bwanji, ng'amba nsalu iyo timange mwendowu."

A Cobb anayang'ana uku ndi uku kufuna wowathandiza, koma aliyense anali atayang'ana pansi. Anatsitsa mbedza yawo. Ndinamanga balalo ndi nsalu ya palachuti, yoterera ngati madzi, ndipo mnyamatayo ankanjenjemera thupi lonse. Manja ake sakanatha kugwira kapu, choncho Mai Marney anamumwetsa okha, nkhope atayang'ana kumbali. Sanamuthirire shuga.

Asilikali anafika pa lole patapita pafupifupi theka la ola, mfuti zili m'manja, akuyembekeza kudzatola mtembo. Anapeza mkaidi wawo atatsamira mzati, akununkha hopu, amayi zana atamuzungulira chete. Anamunyamula. Mai Marney anayenda pambali pa machira mpaka pa geti, ife tonse tili pambuyo. Lole itangoponda msewu, anatsegula pakamwa. Anamutukwana iye, anatukwana ndege yake, amene anamutuma, ndi dziko lake lonse. Anathamangira loleyo m'fumbi akukuwa dzina la Alf ndi la Lil, kuti alimve, apite nalo kwawo. Anakuwa mpaka mawu anatha, n'kukhala pansi pakati pa msewu. Palibe anawaletsa. Kunja kwa geti kunali kwawo.

Pamenepo m'pamene tinakumbukira a Enoch. Tinawapeza pomwe paja, atakumbatira mzati, chifukwa panalibe amene anawaikira makwerero. Zinatengera amuna atatu kuwatsitsa. Khonje linali litadya zikhatho zonse ziwiri mpaka mnofu woyera, ndipo phewa lamanja linali litaguluka. Zala zawo sizinathenso kufumbata bwino, ndipo munthu amene sangagwire waya sangakwere. Zaka makumi asanu ndi zitatu za kumwamba zinathera pa mzati umenewo. Anakhala zaka zina zisanu ndi chimodzi akuyenda pansi ndi matewe awo, ndipo sindinawamve akudandaula. Miyendo ija ikadali m'nyumba yowumitsira hopu, palibe amene anaikwanira.

Za mnyamatayo sitinamvenso, ngakhale dzina lake sitinalidziwe. Mai Marney anabweranso chaka chotsatira, ndi china, akupukuta nsapato za alendo monga kale, kungoti nthabwala zinachepa.

Madzulo a tsiku lomwelo, dzuwa likadalipo, ndinawakhazika apongozi pa khonde n'kumawatsuka manja ndi madzi a mchere. Pakamwa panga, monga mwa masiku onse, sipanapirire.

"Bambo, anthu amene aja ndi amene anatenga Edwin. Mwana wanu. Inu mpaka kutaya manja chifukwa cha mmodzi wa iwo?"

Ndinaganiza kuti ayankha monga anayankhira kalata ija.

"Waya ameneuja ndinamanga ndine," anatero. "Ndi wa hopu. Sanapachikepo munthu."

Ndinapitiriza kukulunga nsalu. Ndinkaganiza kuti amaliza, popeza kwa iwo amenewo anali kale mawu a mwezi wathunthu. Koma anawonjeza, maso ali pa manja awo.

"Kumwamba kuja kumaoneka zonse, mayi. Edwin ndinkamuonera kumeneko akubwera ndi chakudya, ali kamwana, ndinkamudziwira pa liwombo. Kuyambira Juni ndimayang'anabe pa geti." Anakweza maso n'kundiyang'ana. "Lero ndinaona pa liwombo panu."

Manja anga anaima.

"Njerwa ija ndi ya pa mafuwa a Mai Marney. Mukawabwezere, aphikira pati?"

Ndinagwira thumba la epuloni yanga. Inali momwemo, yolemera, itazizira. Sindikukumbuka nthawi imene ndinaiikamo. Ndinamanga bala la Mjeremani ili m'thumba, ndinayenda nayo mpaka pa geti, ndinabwera nayo kunyumba, osaimva kulemera. Ndinamaliza kumanga manja a apongozi anga, ndinawaikira kapu pakamwa kuti amwe, kenako ndinatsika ndi munda kupita ku zisakasa.

Ndinapeza Mai Marney atakhala pa moto wawo, ketulo itapendama pa njerwa ziwiri, madzi akutayikira pa makala. Ndinagwada, ndinatukula ketulo, n'kubwezera njerwa yachitatu pamalo pake. Anayang'ana njerwayo, anandiyang'ana ine, ndipo sanafunse kumene inali.

"Khala pansi," anatero ndi mawu osasa aja. "Tiyi apsa posachedwa."